Pamene Panali Galimoto

Choyamba, usakhulupirire maso ako.
Bwerera m'nyumba, tseka chitseko, utulukenso.
Mwina unayiimika kuseri kwa shopu ya Apolishi,
mwina dzulo unatopa kwambiri
pochokera kosambitsa anthu asanu ndi awiri.
Yenda msewu wonse uno wa ku Harehills, makiyi m'manja,
ukudina kabatani ngati ukuitana nkhuku,
magalimoto a eni ake akungokuyang'ana, duu.

Ine ndinayenda kawiri.
Pamene ndinayisiya panali pouma,
kachigamba kouma pakati pa phula lonyowa,
ngati pamene pagona ng'ombe usiku wa mvula.
Ndiye kuti sipanapite nthawi.
Ndiye kuti pomwe ndinkathira madzi m'ketulo
wina anali kukankhira mpando wanga kumbuyo
poti miyendo yake ndi yayitali kuposa yanga.

Kenako imbira a khonsolo,
mwina ndi iwo ayikoka chifukwa cha mzere wachikasu.
Udzadabwa kudzimva ukupempherera chindapusa.

Sanayikoke.

Ukatero imbira apolisi. Wani, ziro, wani.
Mtsikana wa mawu ofewa adzafuna nambala ya galimoto,
mtundu wake, ndi dzina lako,
ndipo udzatchula Nankhuni chilembo ndi chilembo,
kawiri, mano akugundana ndi chisanu.
Adzakupatsa nambala ya mlandu. Ilembe.
Ine ndinalemba pachikhatho ndi chekeni cha mwana
poti kabuku kanga kanapita nawo.

Usamuuze kuti inkatsokomola m'mawa uliwonse wa Januwale,
kuti chitseko chakumanzere chimafuna kuchinyengerera ndi bondo.
Pafomu palibe malo a zimenezo.

A inshuwalansi adzakumvetsa piyano mphindi makumi anayi,
kenako: Makiyi onse awiri muli nawo?
Munakhoma? Mukutsimikiza?
Munali chiyani mkatimo?
Nena: jekete, bokosi la magolovesi a kuntchito, mpando wa mwana.
Usatchule chitenje cha malemu mayi ako
chimene unayala pampando kubisa pong'ambika.
Adzakufunsa lisiti.

Koma Bambo Ackroyd akudikira phala lawo la hafu seveni
ndi mapiritsi atatu, loyera lija akamaliza kudya.
Iwo za akuba sazidziwa.
Amangodziwa kuti chitseko chikalira ndiwe.
Imbira ku ofesi. Kwera basi, ziwiri ngati n'kofunika.
Ndinafika nayini itadutsa, masokosi ali chonyowa,
iwo ali pawindo, batani la malaya lili pa bowo la linzake.
"Wachedwa, mwanawe."
Atamva, anandipatsa bisiketi ya m'chitini chawo cha Khirisimasi
n'kundiuza za njinga yawo imene inabedwa ali mnyamata,
yobiriwira, belu lake losalira.
Nkhaniyo anaikamba katatu.

Madzulo gogoda kwa Mayi Parveen, ali ndi kamera pakhomo.
Mudzaonera limodzi pafoni yawo:
anyamata awiri, zipewa mpaka m'maso,
masekondi makumi asanu basi.
Zaka ziwiri za mashifiti ausiku,
masekondi makumi asanu.
Woyendetsayo anayang'ana uku ndi uku asanalowe mumsewu,
n'kuyatsa indiketa, mwaulemu ndithu.
Tinaseka mpaka misozi. Musandifunse chifukwa.

Kumudzi usawauze msanga.
Mlongo wako ku Balaka akadali ndi chithunzi chija,
iwe utatsamira boneti, pa dzuwa la tsiku limodzi la Juni,
ndipo akudikira ya feteleza mwezi uno.
Ungoti kuno tili bwino, koma kuzizira.

Ndamiwe wandifunsa pogona
ngati anyamatawo amufunditsa njovu wake wa nsalu
amene anatsala pansi pa mpando.
Ndati eya.

Makiyi akadali m'thumba la yunifomu.
A inshuwalansi ati ndiwatumize mu envelopu.
Mawa.
Usiku uno ndaima pawindo, nyali nditazimitsa,
ndadina kamodzi, kuti ndingomva.
Pampata paja paima vani ya wokonza mipope,
ndipo yakwanapo bwinobwino.