Mphindi Zisanu ku Khonsolo ya Nsanje

Andipatsa mphindi zisanu,
pambuyo pa kolera, pambuyo pa mlatho wa Mtayamoyo.
Magetsi azima, fani yaima,
wapampando akudzikupiza ndi pepala la ajenda.

Ndayala patebulo mkeka wosatha.
Ndi wa Zuze wa ku Makhanga.
Onani poyambira apa, mizere yokhotakhota
ngati mapazi a woledzera,
pakuti analidi woledzera.
Madzi atatenga nyumba, bwato ndi mbuzi zisanu
tinamupatsa tenti, bulangete ndi ndowa,
koma palibe anamuuza chochita nalo tsiku.
Tsiku la pakampu ndi lalitali, mabwana.
Lilibe munda, lilibe ukonde.
Kachasu ndiye anamulemba ganyu.

Anafika kuchipatala atamangidwa ndi mphira wa njinga,
akuona njoka pakhoma.
Jakisoni anagoneka njokazo.
Mapiritsi sindikuwanyoza,
koma piritsi silimuuza munthu kolowera
dzuwa la Okutobala likaima paliwombo,
anzake akuitana pansi pa mtondo ndi kabotolo.

Ntchito yanga ilibe dzina m'chinenero chathu.
Ena amati ndine wa mafizo,
ana amanditchula mayi wa zoluka.
Ine ndimangofunsa: manja awa ankadziwa chiyani?
Zuze anayang'ana pansi.
"Pyonsene pyaenda na madzi."
Ndinamuikira mlaza pamwendo, osanena kanthu.

Sabata yoyamba unkamupulumuka, zala zikunjenjemera.
Yachitatu anayamba kudzuka yekha, kusamba,
kufunsa ngati tiyi alipo.
Mfundo yoipa iyi, apa,
ndi tsiku limene anabwerera kushabini.
Sitinaimasule.
Tinalukira pamwamba pake.

M'ndondomeko yanu matenda a maganizo ali pamzere umodzi,
pakati pa apolisi ndi mafuta a ambulansi ya ku Zomba.
Munthu amapita atamangidwa, amabwerako atawodzera,
nkupeza tsiku lomwe lija likumudikira pakhomo.
Ndikupempha mzere wina:
chipinda cha mthunzi, mlaza, ulusi wa ukonde,
njinga ziwiri zowayendera akatuluka,
ndi mpando umodzi patebulo lino,
kuti mukamalemba malamulo a mowa
pakhale munthu amene mowa unamulemba kale.

Wapampando wayang'ana wotchi.
"Tamva, mayi. Tiziona chaka cha mawa."
Mlembi wakweza cholembera m'mwamba:
"Ndiziike pansi pa mutu uti,
zaumoyo kapena zamalonda?"
Aseka.
Khansala wa kumapeto sanaseke.
Akusisita mfundo ija ndi chala chachikulu,
ndipo tikutuluka wandinong'oneza pakhomo,
"Ndili ndi mng'ono wanga ku Tengani.
Mumakumana tsiku lanji?"

Lachinayi.
Ndakulunga mkeka, ndaumanga kumbuyo kwa kabaza,
fumbi mpaka Bangula, kenako bwato,
namasupuni akutsegula njira ndi kuitsekanso.
Thukuta lalemba mapu pamsana pa wopalasa.

Zuze ndamupeza pakhonde la chipatala,
wanyowetsa kale mlaza m'beseni.
Wabwera ndi mnzake wamaso ofiira amene sanandipatse moni.
"Ati chiyani akuluakulu?"
Ndamubwezera mkeka wake.
Wauyala, wafufuza pamene analekera,
wauza mnzakeyo, "Gwira uku, usakoke kwambiri,"
ndipo funso lija sanalibwerezenso.