Masika a ku Joni

Kwathu mwezi uno akukolola chimanga.
Kuno ku Rosettenville mitengo ikungotaya masamba,
ofiira, achikasu, opanda wowatola.

Faifi koloko isanakwane ndatuluka kale,
tochi kukamwa, zala zili gwa ndi chisanu.
Kombi yagona pansi pa mtengo usiku wonse
ndipo masamba adzaza kangalande ka kutsinde kwa galasi.
Ndikuwakokola ndi manja, onyowa, onunkha dothi.

Ndikugwada pa tayala lililonse
ngati namwino wa kusikelo,
kulowetsa mutu wa machesi m'mizere yake.
Lakumbuyo kumanzere ndi latsopano.
Lakale linali ndi dazi ngati a Mbendera,
makaniko wa ku Jeppe, amene anandiuza Loweruka:
"Nangondo, tayala silinama,
amanama ndi mwini wake."
Ndinalipira ndi ndalama ya nsapato za mwana wanga.

Batire imadana ndi Meyi.
Imatsokomola kawiri isanavomere,
ndiye ndaipala dzimbiri loyera la pamitu,
ndayang'ana oyilo, ndathira madzi a mawaipa,
ndapukuta galasi ndi nyuzi, kunja ndi m'kati.

Woyamba kukwera ndi Refilwe, wa giredi folo.
Ntchito yake amaidziwa:
amaima kumbuyo, chikwama kumsana,
ine n'kuponda buleki.
"Zayaka zonse, anti!"
Akatero ndiye timanyamuka.

Ana khumi ndi anayi, malamba khumi ndi anayi.
Wina akudya buledi, wina akumaliza masamu pabondo,
Lwandle akulemba dzina lake pa nthunzi ya pawindo.

Tikakhotera kum'mawa, dzuwa la nyengo ino
silikwera, limakwawa ndi msewu,
limalowa m'maso ngati tsabola.
Pamenepo phazi limachoka lokha pamoto.
Maloboti azima, aliyense akudikira mpata wake.
Wa takisi kumbuyoku akuliza hutala
ngati ndamubera kanthu.
Aimbe. Ndamusiyira njira, wadutsa ali lilime kunja.

Mulu wa masamba sindiukhulupirira.
Pansi pake pamagona dzenje,
kapena madzi a paipi yophulika, oterera ngati therere.
Chaka chatha, cha ku Booysens, m'mawa wonga uno,
ndinaona nsapato imodzi ya sukulu pakati pa msewu,
yopolishidwa bwino, chingwe chili chomanga.
Sindinafunse.
Ndimaiona nthawi zonse ndikagwada pa tayala.

Masana utsi wa lupsa udzatseka msewu waukulu,
ndidzayatsa nyali dzuwa likuswa mtengo,
ndidzasiya danga lokwana magalimoto atatu.

Koma pano tafika pageti, belu lisanalire.
Ndikuwawerenga akamatsika,
mmodzi, awiri, mpaka khumi ndi anayi.
Lwandle waiwala chipewa chake, wabwerera,
ndiye ndamuwerenga kawiri.
Tsamba lina lakakamira pa waipa kuyambira kunyumba.
Ndalichotsa, ndaliika m'thumba la jekete,
sindikudziwa chifukwa chake.