Nkhuni za Dzuwa

Bambo anga ankatsetsereka pa njinga kuchokera ku Lusangazi,
matumba atatu a makala kumbuyo,
buleki yawo chidendene cha phazi lamanzere.
Ankati moto ulibe chinsinsi:
udyetse basi, usaufunse mafunso.

Ine ndimagwira usiku ku Luwinga,
m'chinyumba chopanda mawindo.
Ntchito yanga ndi kukolola mpweya wosaoneka,
dzina lake tritiyamu.
Mwezi wathunthu kulimbana ndi mapaipi ozizira,
chomwe tapeza pa sikelo
sichiposa nthenga ya pakhosi pa njiwa.

Akuti ndizo nkhuni za dzuwa
lomwe anthu akuweta m'khola la maginito.
Koma nkhuni zake sizisungika.
Uzitsekere m'chitsulo, umate ndi loko,
zimadzidya zokha chamumtima:
zaka khumi ndi ziwiri, theka lapita.
Zomwe ndinayeza chaka chimene Walusungu anabadwa
zatsala theka,
iye nsapato zanga zayamba kumuthina.

A Msowoya, akulu a shifiti, amajambula pabolodi
choko chili mbuu m'zala:
ng'anjo tiifunditse bulangete la litiyamu,
moto ukamalavula tinjere take
bulangetelo lizibereka nkhuni zina.
Moto wodzitemera wokha nkhuni!
Bambo akanaseka mpaka kutsokomola,
chifuwa chija chinawatengachi.

Usiku wa Lachitatu singano ya geji inagwedera pang'ono.
Tonse zii.
Kuchucha pamalumikiziro, kapena geji yangokalamba?
Tinakwawa ndi mawondo mpaka tambala,
kusaka chinthu chopanda fungo, chopanda mtundu,
monga ankasakira mayi ndalama yachitsulo
yogwera mumchenga pamsika wa Zigwagwa.

Ndimaweruka faifi koloko.
Mvula yamawawa, nkhungu yameza mphambano ya Katoto,
wakabaza wavala pepala lapulasitiki kumutu.
Ku Chibavi magetsi anathima dzulo madzulo.
Ndigula kajumbo ka makala kwa NyaKumwenda,
andiwonjezera timiyala tiwiri takuda
chifukwa ankawadziwa bambo.

Ndigwada pakhonde kuuzira mbaula
ndi mpweya womwewu wa m'chifuwa,
utsi undiliza.
Walusungu atuluka atafunda chitenje changa:
Amama, dzuwa lanu lija lifika liti kuno?

Ndimuuza abweretse ketulo.
Makala anyowa, akukana,
koma penapake pansi
kamodzi kayamba kufiira.