Zichiri mu Mukuvisi

Ine ndimawotcherera zitsulo ku Siyaso,
zitseko, mawilibala, mbaula za amayi ootcha chimanga.
Phokoso ndimadya nalo mbale imodzi.
Koma limene mwana wanga Ndaziona anandiitanira
Loweruka lija, m'galaja ya a Gomani ku Mufakose,
linandigwedeza mano.

Analipo anayi.
Ngonidzashe pa gitala yolira ngati galayindala
ikakumana ndi msomali,
Mazvita pa besi, matumbo anga kuchita kubwadamuka,
kamnyamata kena kowonda, dzina ndaiwala,
kakubangula ngati kameza khala lamoto,
ndi wangayo kumbuyo, mapazi onse awiri pa ng'oma,
tsitsi m'maso, thukuta kamukamu.

Ndinafunsa: wamwalira ndani?
Anaseka. Ndi nkhondo, ababa, ya ku Viyetinamu,
osati ya mahelikopita ya m'mafilimu ija,
yakalekale, mfuti isanabadwe.
Akuti kumeneko kuli mtsinje umene umapuma,
madzi kukwera, madzi kutsika, tsiku ndi tsiku.
Eni dziko anagwetsa mitengo, kuisongola,
kuiveka zisoti zachitsulo,
kuikhoma pansi pa madzi,
basi n'kudikira.
Zombo za adani zinalowa madzi ali thoo, zikuyenda mwamatama.
Madzi atabwerera
zinatsala m'mwamba ngati mbewa pampani.

Apa ndinatchera khutu.
Chitsulo kunsonga kwa mtengo?
Ameneyo ndi mnzanga, ndinatero,
mmisiri wina wa zikhatho zakuda ngati zangazi
amene palibe analemba dzina lake.

Harare ilibe nyanja.
Mukuvisi sapuma, amangonunkha.
Chokwera ndi kutsika kuno ndi magetsi,
ndipo ana awa amawabisalira ngati ankhondo m'bango,
mawaya olumikiziratu, zala pa nsambo,
maso onse pa babu.
Likangoti ngwee, nyimbo amaigwera pakhosi.

Popuma anandiuzanso za akazi awiri a bere limodzi
amene anakwera njovu kukakumana ndi asilikali a mfumu yakutali,
za ng'oma zamkuwa zokhala ndi dzuwa pamimba,
za zaka chikwi pansi pa phazi la mlendo
koma lilime osalitaya.
Pamenepo ndinayang'ana nsapato zanga.
Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi
nadzafera m'munda wa fodya wa munthu wina,
chitupa chawo chikuwatchulabe mlendo.
Ine mu kombi ndimayankhula Chishona chositasita
kuopa kuti kondakitala angandilase ndi liwu lija, Mubhurandaya.
Ndaziona Chichewa chake ndi cha "bwera kuno" ndi "tasiya",
chimene ndinam'patsa ndi chomwecho.

Nyimbo yachitatu ili pakati, magetsi thii.
Magitala anafera m'manja.
Wowonda uja anatsokomola, n'kukhala chete.
Inatsala ng'oma yokha mumdima, yosaphonya phazi,
kenako mawu a mwana wanga, opanda chimkuzamawu,
liwu limodzi lokha, akulikhoma ngati chichiri:
Tilipo.
Tilipo.
Tilipo.
Losasa, lokanda kukhosi,
koma la ku Dedza ndithu, mpaka kapendekedwe kake.
Analitola kuti? Sindinam'funse.
Agalu a mzere wonse anavomera.
Mayi Gomani anagogoda pazenera ndi tsache
kuti mwana wagona, inu anthu,
ndipo ine, bambo wa imvi zanga,
ndinapezeka ndikuwayankha kuti dikirani, amayi, ithe kaye.

Lolemba anabwera ku Siyaso
ndi chopondera ng'oma chothyoka pakhosi.
Ndinachiwotcherera, ndinachipala,
kunsonga kwake ndinawonjezako kachitsulo kolimba
kamene sanandipemphe.
Ndinam'tchaja madola awiri, ntchito ndi ntchito.
Anandibwereka ine ndemwe madola awiriwo
n'kundilipira.

Loweruka likubwerali akaimba ku bala ina m'tauni,
akuti anthu akakhalapo mwina makumi atatu.
Thonje la m'makutu ndagula kale.
Lili m'thumba la ovolosi,
sindikudziwa ngati ndikalitulutsa.