Zimene Sindinalembe

Ntchito yanga m'nyumba ya malamulo ya ku Accra
ndi kulemba mawu onse oyankhulidwa.
Zala zanga zilibe chipani.

Lachitatu, bajeti ili pa tebulo,
Mayi Oforiwaa a mbali yotsutsa anaimirira
nasolola m'chikwama chipatso cha koko,
chakuda bii, chowola mpaka mkati.
"Nduna ikuti mankhwala anafika kwa alimi.
Anafika pati? Papepala?
Funsani ichi, ndathyola dzulo ku Sefwi."

A mbali ya boma anamenya matebulo,
wina nakuwa: "Nanunso munalamulapo,
koko wanu anali wagolide kodi?"
Sipikala anagogoda:
chipatso sichiloledwa muno,
chilibe dera lomwe chikuimira.
Nyumba yonse inafa nalo phwete.

Ndinalemba zonse, ndi phwete lomwe.
Koma fungo lija lilibe zilembo,
fungo la munda wa bambo anga
chaka chimene fizi inasowa.

Powerenga mavoti, okana anachepa ndi anayi.

Madzulo wosesa anachipeza kunsi kwa mpando,
nachinunkhiza, nandifunsa:
"Ichi chikalowe m'kaundula wanuyo,
kapena m'bini?"