Pa Damu la ku Bembeke

Sautso, vula masilipasi, akulira kwambiri.
Nsomba zimamva mapazi.

Nkhungu isanachoke m'mapaini
tizikhala titafika.
Zala zauma? Zifunditse m'khwapa.

Makumba awa sanabadwire muno,
anabwera m'zigubu, pa njinga yamoto ya alangizi,
ndipo anakulira madeya.
Mwaza pang'ono apo pa bango,
kenaka ukhale chete
ngati wamva mawu a mwini ngongole pakhomo.

Nyongolotsi usaibaye yonse,
siya mchira uzivina.
Kaphesi kamange zikhatho zitatu pamwamba pa mbedza.
Dzuwa lisakhale kumsana,
mthunzi wako ungakakunenere kumadzi
iwe usanaponye.

Kaphesi kakagwedera usakoke,
ikungolawa imeneyo.
Dikira.
Dikirabe.
Kakamira, eya, pompo!
Ndi dzanja, osati phewa lonse.

Wakoka ndi phewa.
Taona mbedza yakola jekete langa la kutchalitchi.

Usalire.
Ine tsiku loyamba ndinawedza chipewa cha a Ngozo
eni ake atavala,
mpaka lero sandiyankha moni.

Tola nyongolotsi ina m'chitinimo.
Mbatatesi tikakumba masana.
Za jeketeli amako asamve.