Lipoti la Lolemba

Ku Mayfair, kuseri kwa msewu wa Church,
m'golosale ya Bwana Warsame,
kompyuta imadzuka ine ndisanatsegule loko.
Ndikamapemerera zala zouma ndi chisanu cha mu Juni
iyo yawerenga kale matumba a mpunga,
yauza kale a ku depoti ya ku City Deep
kuti mafuta ophikira atsala makatoni asanu ndi awiri,
lole ibwere Lachitatu.

Kale tinali ndi kope la chikuto chakuda,
lonona ngati kansalu kopukutira mbale.
Bwana ankanyambita chala, n'kutsegula tsamba,
n'kuiwala amene watenga shuga pangongole.
Ndalama zinkatha ngati madzi otungira m'dengu.
Lero sopo akangolira kuti tii pakauntala
nambala imatsika kuno,
imatsikanso pafoni ya bwana ali kumzikiti.

Ndisaname, ndimaipatsa ulemu.
Tsiku limene mabatire anasowa
maso onse anagwera pa ine, Mmalawi wa pakhomo.
Iyo inatchula ola lake, ndipo ola limenelo
ine ndinali pamzere ku banki.
Inaonanso ife tisanaone
kuti magetsi akazima makandulo amathera limodzi ndi buledi,
tinaziika pashelefu imodzi, malonda n'kukwera.

Koma Lolemba lapitali inasindikiza lipoti.
Kasitomala nambala 418, Asiyatu Mdoka:
mkaka wa mwana, chitini sabata iliyonse, miyezi isanu;
matewera a sayizi yachiwiri, kenako yachitatu.
Masabata atatu tsopano, zii.
Pansi pake malangizo m'zilembo zofiira:
mtumizireni uthenga, mtsitsireni mtengo,
angapite kwa ena.

Pepalalo ndinaligwira lidakali lofunda.
Ine ndinalipo kumanda a Westpark Lachisanu lija.
Tinasonkha marandi makumi awiriawiri.
Ndinapita kuti ndikathandize kunyamula
koma manja a munthu mmodzi anakwanira.

Bwana anafunsa osatembenuka: "Watumiza?"
Ndinasaka pasikirini malo olembapo chifukwa.
Timabokosi tinalipo tinayi:
wasamuka, mtengo, sanakhutire, zina.
Kunja matakisi ankalizirana mahutala,
mayi wina ankadikira chenje cha machesi.

Ndinadina zina.

Kompyuta inalandira, inati zikomo,
n'kuchotsa zitini zinayi
pa oda ya mwezi wamawa.